Ayambe Ndani? Samu ya Mzamba Usiku

Ife ana a sukulu tinazolowera lamulo limodzi la pamzere, lakuti wofika poyamba ndiye ayamba kulandira. Kucigayo ndi momwemo, kumjigo ndi momwemo, ndipo pakhomo la nyumba yodyera mnyamata wodumpha anzace sacedwa kumva mau owawa. Koma iripo nyumba ina m'mene lamulo limeneli siligwira nchito, ndipo likadagwira, maliro akadaculuka m'midzi mwathu. Nyumbayo ndiyo cipinda cimene amai acirira kucipatala. Kawirikawiri timamva anthu alikudandaula kuti, "Ife tinafika dzuwa lisanalowe, koma namwino anatipitirira nakathandiza wina wofika m'mbuyo mwathu." Ena ati nkukondera, ena ati ndi cibale. Kapena nthawi zina ziri comweco, pakuti anamwino nawo ndi anthu; koma nthawi zambiri cifukwa cace ndi cina, ndipo ndifuna kuti ticione pamodzi, makamaka inu anzanga amene mulakalaka nchito ya unamwino ndi uzamba mukatsiriza Fomu 4.

Tiyeni tiyambe ndi samu, ngakhale si ya mtundu umene aphunzitsi athu alemba pabolodi. Tiyerekeze kacipatala kakang'ono kakumudzi, pakati pa usiku, mzamba ali yekha. Pakama wina pali mtsikana wa mimba yoyamba. Matenda anamuyamba madzulo, ndipo alikulira mokweza kotero kuti amveka mpaka kumseu. Pakama wina pagona mai amene wacira theka la ora lapitalo; iye ali cete, angoti, "Ndirikumva kuzizira ndi ludzu." Pampando pakhala mai wa miyezi 8, nkhope yotupa, wagwira mutu, ati m'maso mwacita cidima. Ndipo m'manja mwa mzambayo muli khanda la mai winanso, longobadwa kumene, lolefuka ngati nsalu yonyowa, losalira. Manja ndi awiri okha. Ayambe ndani?

Ambiri a ife tikadathamangira wolirayo, pakuti kulira kukoka mtima. Koma mzamba wophunzira akamva kupfuula kotere mtima wace utsikako pang'ono, cifukwa munthu wopfuula ali ndi mpweya m'cifuwa, magazi alikufika kumutu kwace, ndipo nzeru zace ziri bwino. Funso limene mzamba adzifunsa poyang'ana ali yense ndi ili: "Ndikamsiya uyu, imfa idzamfika nthawi yanji?" Amene imfa iri naye pafupi koposa, ndiye woyamba, ngakhale akhale wofika potsiriza.

Akatswiri a za uzamba anayerekeza nthawi imene mabvuto akulu atenga kuti aphe mai ngati palibe comthandiza. Kutaya magazi atacira kungathe kumtsiriza m'maora 2 okha. Kutaya magazi asanacire, maora 12. Kukomoka cifukwa ca kuthamanga kwa magazi, masiku 2. Mwana wokanika kubadwa, masiku 3. Matenda olowa m'cibaliro, masiku 6. Ziwerengero izi nzongoyerekeza, pakuti matupi asiyana, koma zitipatsa poyambira. Tsono khanda losapuma liribe ngakhale ora limodzi. Nthawi yace iwerengedwa m'maminiti. Comweco pa samu yathu khandalo ndilo loyamba.

Mwana ali m'mimba sapuma ndi mapapo ace. Mpweya wabwino umfika m'magazi a amace kudzera mu nsengwa ndi cingwe ca mcombo. Akangobadwa, njira imeneyi itha, ndipo mapapo amene sanagwirepo nchito ayenera kuyamba pomwepo. Kulira koyamba kuja, kumene amai odikira panja akumva nkuyamba nthungululu, ndiko cizindikiro cakuti mapapo atseguka. Mwa ana 10 obadwa, pafupifupi mmodzi afuna cithandizo kuti ayambe kupuma, ndipo bongo wosowa mpweya uyamba kuonongeka patapita maminiti owerengeka. Mwana wotere angathe kufa, kapena kukhala moyo koma osadzatha kukhala pansi, kuyenda, kapena kulankhula bwino.

Zimene mzamba acita si zodabwitsa ai, koma ziri ndi dongosolo lace. Ayamba kumpukuta thupi lonse ndi nsalu youma, molimbika ndithu, nataya nsalu yonyowayo nkumpfunditsa ina. Ana ambiri alira ndi kupukutako. Akapanda kulira, amuongola khosi pang'ono, acotsa zotseka m'kamwa ndi m'mphuno ngati ziripo, nkumsisita pamsana kawiri kapena katatu. Akakhalabe cete, mzamba sapitiriza kusisita moyembekeza mwai. Amanga ndi kudula cingwe, natenga kathumba kamphira kokhala ndi cophimba pamphuno ndi pakamwa, nkuyamba kupopera mpweya m'mapapo, ngati ka 40 pa miniti, maso ace ali pacifuwa ca mwana kuona ngati cirikukwera. Zonsezi ziyenera kufika pa kupopako miniti yoyamba isanathe. Maphunziro ochedwa Helping Babies Breathe, amene bungwe la madotolo a ana la American Academy of Pediatrics ndi anzao anayambitsa m'caka ca 2010, achula miniti imeneyi kuti ndi yagolide, ndipo azamba a kuno kwathu nawo aphunzira njirayi poyeserera pa cidole. Kale anthu ankagwira mwana miyendo, mutu pansi, nammenya mbama kumatako. Zimenezo zinasiyidwa, pakuti zibvulaza mwana ndi kutayitsa nthawi.

Pano ndichuleko za mai wina wochuka, Dotolo Virginia Apgar wa ku New York, amene nchito yace inali yogoneka anthu tulo pa opaleshoni. M'masiku ace onse m'cipinda ankatanganidwa ndi mai, ndipo khanda lofooka linkaikidwa pambali popanda woliyang'ana bwino. M'caka ca 1952 iye anakonza njira yopatsa khanda mamalikisi, monga acita aphunzitsi pa mayeso, naisindikiza mu 1953. Zoyesedwa ndi zisanu: kugunda kwa mtima, kupuma, mphamvu ya manja ndi miyendo, kuyankha akamtsina, ndi maonekedwe a khungu. Ciri conse cilandira 0, 1 kapena 2, zonse pamodzi 10, ndipo awerenga pa miniti yoyamba ndi pa miniti yacisanu. Kufikira lero mamalikisi amenewa alembedwa m'mabuku a zipatala. Koma dziwani kuti mzamba sadikira kuwerengako kuti ayambe kuthandiza mwana wosapuma. Ayamba kupopa, zolemba zibwera pambuyo.

Tsopano tibwere kwa mai uja wogona cete, amene ine ndiona kuti ndiye msampha weniweni pa samu yathu. Mwana wace wabadwa bwino, abale atumiza kale mau kumudzi, ndipo ali yense ayesa kuti zoopsa zapita. Akulu anati, linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Padziko lonse, kutaya magazi ndiko kupha amai ambiri pa ucembere koposa bvuto lina liri lonse, ndipo nthawi yoopsa kwambiri ndiyo maora oyamba mwana atabadwa.

Cifukwa cace ndi ici. Mimba ikakhwima, magazi oposa theka la lita apita kucibaliro pa miniti iri yonse kukadyetsa mwana. Nsengwa ikacoka, pamalo pamene inamatirira patsala bala lalikulu, mitsempha iri yasa. Palibe wosoka bala limeneli. Cibaliro ceniceni ndico cidzikunga ngati nkhonya, nkufinya mitsemphayo kuti itseke. Koma cikakhala cotopa, monga kwa mai amene matenda anamtalikira, kapena wobereka mapasa, kapena wobereka kambirimbiri, cingokhala lende, ndipo magazi atuluka ngati pampopi wosatseka. Nthawi zina cocititsa ndi kacidutswa ka nsengwa kotsalira, kapena kung'ambika kwa njira, ngakhale cikhodzodzo codzaza mkodzo cimene ciletsa cibaliro kukungika.

Mai akataya magazi okwana theka la lita, ndiwo odzaza botolo lija la madzi akumwa la 500 ml, azamba awerenga kuti bvuto layamba. Koma magazi sagwera m'botolo. Alowa m'citenje, m'zopfunda ndi m'matiresi, ndipo ena aundana m'kati mwa cibaliro osaoneka kunja. Cotero maso, ngakhale a mzamba wakale, kawirikawiri ayesa kuti ndi ocepa. Ndiponso thupi la mai wacitsikana libisa. Makina oyesera kuthamanga kwa magazi angathe kusonyeza zabwino kwa nthawi ndithu, pamene mtima wayamba kale kugunda mofulumira, manja azizira, m'zikope mwayera, ndipo mai alikumva ludzu ndi cizungulire. Makinawo akadzatsika, ndiye kuti zinthu zafika patali. Mai amene magazi ace anali ocepa kale cifukwa ca malungo kapena kusowa zakudya zabwino agwa msanga koposa mnzace. Nciani tsono cimene mzamba amva m'mau aja akuti "kuzizira ndi ludzu"? Amva zimene ife sitikadamva, nabvundukula zopfunda kuti aone ndi maso ace, dzanja lace liri pamimba pansi pa mcombo. Cibaliro cabwino cimveka colimba ngati dzaye. Cikamveka cofewa, acisisita mwamphamvu kufikira cilimbe, abaya jekeseni wa oxytocin, aika diripi, acotsa mkodzo, nafufuza ngati pali pong'ambika kapena cotsalira. Alinso mankhwala ena ochedwa tranexamic acid, othandiza magazi kuundana, amene ayenera kuperekedwa maora 3 asanathe mwana atabadwa. Ngakhale kuika khanda kubere kuthandiza, pakuti kuyamwa kucititsa thupi la mai kutulutsa oxytocin wacewace.

Kafukufuku wochedwa E-MOTIVE, amene anacitika m'zipatala 80 za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania nalengezedwa m'caka ca 2023, anasonyeza kanthu kopatsa cidwi. Anayala pansi pa mai pepala lapulasitiki lokhala ndi thumba la mizere yoyezera, kuti magazi aziwerengedwa m'malo mongoyerekeza, ndipo akafika pamzere woopsa anapereka cithandizo conse nthawi imodzi, osati kuyesa cimodzi nkudikira. Amai ofika pa kutaya magazi koopsa anacepa ndi magawo 60 mwa 100 ali onse. Mankhwala ace sanali atsopano; cosintha cinali kuzindikira msanga.

Wina afunsa kuti, nanga mzamba ali kalikiliki kupopera khanda, mai uyu amthandiza ndani? Apa ndipo pobvuta, ndipo mapanga awiri abvumbwitsa. Mzamba wanzeru sathamanga uku ndi uku. Agwiritsa nchito pakamwa pace pamene manja ali pa mwana. Apfuulira mlonda kuti akagogode kwa mnzace wogona m'nyumba yapafupi, naitana agogo amene abwera kudzadikirira wodwala, nawauza poika dzanja ndi m'mene asisitire mimba. Agogo sanaphunzire uzamba, koma kusisita angathe, ndipo maminiti asanu amenewo ndi amtengo wapatali. Kuitana cithandizo msanga kuwerengedwa ngati luso pa nchito imeneyi. Wocita manyazi kuitana ndiye aika miyoyo pangozi. Komabe tisanamizane: pamene anamwino ali ocepa ndi odwala ambiri, nthawi zina palibe yankho lokoma, ndipo kusankha bwino sikulowa m'malo mwa manja amene akusowa.

Mai wa mutu uja ndi wacitatu, koma asacoke m'maso. Kupweteka mutu kwambiri, cidima m'maso, kutupa nkhope ndi manja, ndi kupweteka pansi pa nthiti, kwa mai amene mimba yace yapitirira masabata 20, ndi zizindikiro zakuti magazi athamanga. Akamuyesa napeza 140 pa 90 kapena kuposa, ndi bvuto. Akafika 160 pa 110, ndi ngozi. Mai wotere angathe kugwa nkuyamba kuphupha ngati wakhunyu, ndipo anthu kumudzi acedwa naye poganiza za ufiti. Mankhwala ace ndi magnesium sulphate. Kafukufuku wamkulu wa m'caka ca 2002, wa amai oposa 10,000 m'maiko 33, anapeza kuti acepetsa kukomokako ndi theka ndi kuposa. Tsono taonani m'mene mzere usinthira: mai ameneyu akangoyamba kuphupha, adumpha nthawi yomweyo kufika kutsogolo, pakuti tsopano kupuma kwace kuli pangozi. Amgoneka cammbali kuti asatsamwe, osamuika supuni kapena kamtengo m'kamwa monga acita ena.

Mtsikana wolira uja ndiye wotsiriza, ngakhale ululu wace ndi weniweni. Koma kukhala wotsiriza tsopano sikutanthauza kuti adzakhala wotsiriza mpaka m'mawa. Mtima wa mwana wace uyenera kumvedwa theka la ora liri lonse, ndipo wabwino ugunda pakati pa 110 ndi 160 pa miniti. Ukatsika, kapena madzi akatuluka obiriwira ndi okhuthala, kapena maora akapita njira osatseguka, iye akwera pamzere. Kuti mzamba wotopa asaphonye kusintha kotere, zonse zilembedwa papepala lokhala ndi mizere ngati magirafu athu a masamu. Pepala lotere, lochedwa partograph, analikonza Dotolo R. H. Philpott ndi mnzace W. M. Castle m'caka ca 1972 ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, kuti azamba a m'zipatala zazing'ono adziwe nthawi yotumiza mai kucipatala cacikulu. Mu 2020 bungwe la World Health Organization linatulutsa pepala latsopano lochedwa Labour Care Guide, koma colinga cace ndi comweco.

Nzeru yosankha odwala motere siinayambire kwa azamba. Dzina lace ndi triage, mau a Cifalansa ocokera ku kusankha, monga asankha nyemba zabwino ndi zofumbwa. Dominique Jean Larrey, dotolo wa asilikali a Napoleon, analamula kuti obvulala kwambiri athandizidwe poyamba, osayang'ana kuti uyu ndi mkulu wa nkhondo kapena msilikali wamba. Ndipo m'masiku amenewo kunena zotere kunafuna mtima wolimba. Cokondweretsa ncakuti dziko lathu nalo linaikapo dzanja. Pacipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, cimene ambiri acidziwa kuti Gulupu, madotolo ndi anamwino a ana, pamodzi ndi Professor Elizabeth Molyneux, anakonza kuti mwana ali yense aonedwe pakhomo pomwe akangofika, nkuikidwa m'gulu limodzi mwa atatu: wofuna cithandizo pomwepo, wofuna kuonedwa msanga, ndi wokhoza kudikira pamzere. Imfa za ana ogonekedwa zinatsika, ndipo njirayi, yochedwa ETAT, World Health Organization inaisindikiza m'caka ca 2005 kuti maiko ena aphunzire.

Khanda lija likayamba kupuma, nchito pa ilo siinathe. Mdani wace waciwiri ndi kuzizira, ngakhale m'mwezi wa October, pakuti labadwa lonyowa, mutu waukulu, mafuta ocepa. Kutentha kwa thupi lace kuyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, cifukwa cace alibveka cipewa, aligoneka pacifuwa ca amace khungu kukhudza khungu, ndipo kusamba kudikira mpaka tsiku litapita. Kwa ana obadwa osakwana masiku, kapena olemera osafika makilogalamu 2.5, njira yomangirira mwana pacifuwa usana ndi usiku, yochedwa kangaroo, anaiyamba Dotolo Edgar Rey ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, makina opfunditsira ana atacepa. Kuno inayambira pacipatala cacikulu ca Zomba mu 1999. Pakati pa makanda namonso lamulo ndi lomwe lija. Wolira mwaukali nafunafuna bere sadetsa nkhawa kwambiri. Wodetsa nkhawa ndi uja wogona osadzuka, wokana kuyamwa, wopuma koposa ka 60 pa miniti kapena mobuula, wozizira kapena wotentha thupi, kapena wacikasu tsiku loyamba lomwe. Amace angathe kumtama kuti ndi mwana wofatsa, pamene matenda alikumdya.

Ndinene maganizo anga pa cinthu cimodzi. Kupitirira munthu cifukwa wina ali pangozi ndi kwabwino, koma kumpitirira osamuuza kanthu, kapena kumkalipira, si mbali ya nzeru imeneyi. Kunena kuti, "Mai, ndakuonani, mnzanu uyu alikutaya magazi, ndibwera," sikutha ngakhale masekondi asanu. Mai amene anakalipiridwa, mimba yotsatira acirira kunyumba, ndipo kumeneko kulibe jekeseni, kulibe kathumba kopopera mpweya.

Catsala ndi cisankho cina cimene mzamba wa kacipatala kakang'ono acita usiku womwewo, cakuti ndani akhale ndi ndani atumizidwe. Iye alibe magazi oika m'thupi, alibe cipinda ca opaleshoni. Ambulansi icokera kucipatala ca boma, ndipo ulendo wace ndi wa kawiri, kubwera ndi kubwerera, pamseu umene nthawi ya dzinja ungathe kuduka pamlatho. Tikakumbuka maora 2 aja a mai wotaya magazi, tiona kuti kuyimba lamya mai atafooka kale ndi kucedwa; mzamba ayimba akangoona kuti cibaliro sicilimba ndi cithandizo coyamba. Ndipo satumiza munthu cimanjamanja. Wotaya magazi apita diripi irikuyenda. Wothamanga magazi abayidwa magnesium sulphate woyamba asanakwere. Khanda lipita pacifuwa ca amace kapena ca agogo, labvala cipewa. Kalata yonena zimene zapezeka, mankhwala amene aperekedwa ndi ora lace ipita nawo, kuti olandira asayambenso kufunsa kuyambira pa dzina. Galimoto ikakhala imodzi, ofuna kupita awiri, ndipo mmodzi ayenera kugona cotambalala, mzamba abwerezanso kuyesa onse awiri asananene wokwera.